Manda a Amai Aakulu Pabwalo Pathu

Amai aakulu anamwalira pamene Amai anali m'chipatala cha mishoni ku Mpanshya, mbali yawo ya kumanzere itafa ziwalo. Uthenga unandipeza pafoni ndikutsuka mbale kuseri kwa wodi. Ndinausunga m'mimba mpaka adokotala atandilola kuwauza, ndipo pofika nthawi imeneyo kumudzi kwathu ku Katete anali ataika kale. Amai aakuluwo anali mkulu wawo wa Amai, bere limodzi, ndipo ndi amene anawalera makolo atapita. Anawabereka kumsana, anawaphunzitsa kusinja, ndipo ndi iwo amene anawaperekeza paulendo wa ukwati wobwera kuno ku Chinyunyu.

Nditawauza, Amai sanalire. Anangoyang'ana kudenga n'kunena kuti, "Ndikalirira komweko." Kwathu munthu amene sanakhalepo pamaliro a mbale wake amapita ngakhale patadutsa miyezi. Amene anaika amamutsogolera kumanda, iye amagwada, amaona ndi maso ake pamene munthu anagona, n'kulira pamenepo. Asanachite zimenezo, maliro kwa iye amakhala asanathe.

Koma ulendowo adokotala anaukana, ndipo nane ndinkaona kuti akunena zoona. Munthu woyenda ndi ndodo kuchoka pakhomo kufika pamtengo wa mango n'kupumira m'mwamba sakanatha kukhala m'basi tsiku lathunthu, kudutsa mapiri okhotakhota a ku Luangwa. Tinabwerera kunyumba. Ine ndimagulitsa nthochi ndi tomato m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi nyumba, moti ndikatembenuka ndimaona pabwalo. Tsiku lililonse ndinkawaona Amai atakhala pansi pa mango, basi iliyonse yopita kum'mawa akuiperekeza ndi maso mpaka itazimirira.

Mlongo wanga wamng'ono amakonza mafoni ku Lusaka. Ndi bambo wa ana awiri, koma akaona kachipangizo katsopano nzeru zimamuthawa. Ndi iye anatiimira pamaliro. Loweruka lina anatsika m'minibasi akumwetulira, kachikwama kali m'khwapa.

"Ba sisi," anatero m'chinyanja chake cha m'tauni, asanandipatse n'komwe moni, "Amai safunika basi manje. Manda nabwela nayo."

"Iwe, pakamwa pakopo! Manda amanyamulidwa m'chikwama?"

Anandifotokozera titakhala pa benchi yanga yogulitsira. Anali atabwereranso kumudzi n'kupempha amalume kuti amulole kujambula manda. Amalume poyamba anakana, amvekere kumanda si kuukwati. Atamva za Amai anafewa, anamutsogolera okha, onse opanda nsapato. Mlongo wangayo anazungulira manda ndi foni, kujambula ataimirira, kujambula atanyonyomala, kubwerezanso, mpaka amalume anamufunsa ngati ku Lusaka wayamba zamankhwala.

Kenako anatulutsa chinthucho. Kanali kabokosi kakuda kapulasitiki, kopepuka ngati chikho, kokhala ndi magalasi awiri onga matako a botolo ndi lamba womangira kumutu. Kutsogolo kwake kunali kachitseko kolowetsapo foni. Anati anakagula pamsika mtengo wa nkhuku imodzi, ndipo ananyadira kutchipako kuposa china chilichonse. "Ya bazungu ilipo, yodula maningi," anatero, "koma ni chimozimozi chabe. Ni zina imene bagulitsa."

Chisangalalo chinatipupulumitsa. Masana omwewo, pakhonde, tinawaimiritsa Amai ndi ndodo yawo, mapatapata ali kumapazi, n'kuwamanga kabokosiko kumaso. Kenako mutu unayamba kutembenuka pang'onopang'ono, uku ndi uku.

"Uwo ndi msuku uja," anatero ndi mawu a munthu wolota. "Chulu chija chikadalipo. Mwanawe, ndili kwathu."

Mai wanga anaimirira pakhonde la ku Chinyunyu, nkhuku zikuyenda m'miyendo mwawo, koma akutchula mitengo ya kwawo umodziumodzi, mitengo imene anaisiya ali mtsikana. Anati manda akuwaona patsogolo, koma malemba a pamtanda sakuoneka, zonse zili ngati akuyang'anira mu neti ya udzudzu. Ndiye anachita zimene aliyense akanachita. Anaponda kutsogolo kuti ayandikire.

Anaima, n'kupondanso kachiwiri.

"Akusuntha," anatero. Anawerama, kutambasula khosi, n'kupondanso. "Akundithawa. Ndikayandikira, iwo akubwerera m'mbuyo."

Chizungulire chinawagwira, ndipo tikanapanda kuwawakha akanagwera pasitepe. Tinachotsa kabokosiko foni itatentha ngati mbatata yootcha. Amai anasanza pomwepo. Atapukuta pakamwa anatiyang'ana ndi maso ouma gwa. "Andikana akulu anga," anatero. "Anandilera, ine sindinawaike. Andikana."

Masiku otsatira anali oipa kuposa a kuchipatala. Anasiya kutuluka kupita pansi pa mango. Chakudya ankangochilawa n'kukankha mbale, ndipo zolimbitsa dzanja zimene anamwino anatiphunzitsa anazisiyiratu. Ankagona atatembenukira kukhoma. Ndinachita mantha, chifukwa ndinaonapo anthu akupita motero, popanda nthenda yatsopano, atangotaya mtima.

Mlongo wanga ndinamuimbira foni n'kumutsanulira mawu onse amene ndinali nawo, ndipo ine mawu sandisowa. Anandimvera mpaka mpweya unandithera, kenako analankhula motsitsa.

"Ba sisi, kaja kabokosi kaziba mukosi chabe, sikaziba mendo. Mukatembenuka kamvela. Mukayenda sikaona, so vonse viyenda na imwe. Sinaganizeko kuti Amai bazafuna kuyenda."

"Munthu angaone manda a mbale wake n'kungoima ngati mtengo? Unkaganiza kuti akaonera mpira?"

Kabokosiko anali atakasiya, ndipo zojambulazo anali ataziika m'foni yanga. Ndinakavala ndekha kuseri kwa nyumba. Zinali zoona. Ndikatembenuza mutu, ndinkaona thengo lonse kuzungulira. Ndikaponda kutsogolo, manda ankakhala patali pomwepo, ngati mwezi umene umakutsata usiku koma osaupeza. Ndinathamangira kwa Amai kukawauza kuti nanenso andithawa, choncho vuto ndi kabokosi.

"Nanga iwe si magazi anga?" anayankha osatembenuka. "Akukanira limodzi ndi ine."

Ndinatuluka, kabokosi kali m'manja.

Patapita milungu mlongo wanga anaimbanso, ulendo uno mawu ake alibe matama. Ali ndi mnzake amene amajambula mapulani a nyumba, ndipo amaonetsa anthu olemera nyumba zawo zisanamangidwe, iwo n'kumayenda m'zipinda zimene kulibe. Amagwiritsa ntchito chija chodula chimene iye ananyoza. Mtengo wake ndi wa ng'ombe yonenepa, ndipo mwini wake sachibwereketsa ngakhale kwa mkazi wake. Koma atamva nkhani ya Amai, anatenga vidiyo ya mlongo wanga yozungulira manda, n'kuumba nayo malowo pakompyuta, mbali zonse. Kuzungulira kumene kunadabwitsa amalume ndi kumene kunathandiza. Chinthucho analola kuti chigone kwathu kumapeto kwa sabata.

Chinafika chili pamiyendo ya mlongo wanga, atachikumbatira m'minibasi ngati thireyi ya mazira. Chinali choyera, cholemerako m'manja, chofewa mbali yogunda nkhope, ndipo sichinkafuna foni. Kutsogolo chinali ndi timaso takuda ting'onoting'ono. Iye anati timasoto timayang'ana pansi ndi zonse zozungulira, moti chinthucho chimadziwa pamene munthu waima, pamene waponda, ngakhale akagwada.

Amai anakana ngakhale kuchiyang'ana. Anati kukanidwa kamodzi n'kokwanira.

Amene anatithandiza ndi mnzawo wa Amai, mayi wa mtundu wachisoli, mbadwa ya konkuno, woyandikana nafe, amene amaimba naye limodzi kutchalitchi. Anabwera kudzazonda madzulo amenewo, ndipo tinamufotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Anamvetsera akupukusa mutu.

"Munawapereka bwanji kumandako?" anafunsa. "Nthawi yanji?"

"Masana," ndinayankha.

"Nsapato anavula? Odi anapempha? Anawatsogolera ndani?"

Tinangoyang'anana ndi mlongo wanga.

"Aa, ana inu! Ngakhale kwathu kuno sitichita tero. Mwangomukankhira munthu kumanda masana dzuwa lili pamutu, ndi mapatapata, ngati akupita kuchigayo. Ndani angamulandire?"

Mlongo wanga anatsegula pakamwa kuti ayambe za khosi ndi miyendo zija. Ndinamuponda phazi mwamphamvu. Ndinali nditaona kuti Amai atembenuka kuchoka kukhoma ndipo akumvetsera. Kenako anayamba kulamula okha. Zichitike m'mawa. Zisachitikire m'nyumba kapena pakhonde, chifukwa manda salowa m'nyumba. Awatsogolere mwana wawo wamwamuna, poti ndi iye anaponyako dothi tsiku loika. Ndipo ine ndiyambe, ndikaone ngati njira ili bwino.

Kutacha ndinasesa pansi pa mango mpaka panayera. Mlongo wanga anasangalala ndi mthunziwo, chifukwa anati dzuwa likalowa m'magalasi amkati chinthucho chimapsa, ndipo iye ku Lusaka sangabwerereko. Anachivala n'kuyenda mozungulira, kuchionetsa malire a malo oyendamo. Ine ndinkamutsata ndikuwaza phulusa m'mene wadutsa, kuti nafenso tiwaone malirewo. Kenako ndinavula nsapato, iye n'kundiveka.

Sindidziwa ngati ndingathe kufotokoza bwino. Poyamba ndinaona bwalo lathu lomwelo, mango, nkhuku, mlongo wanga ataima pambali. Kenako zonse zinazima, ndipo ndinapezeka nditaima pa dothi lofiira la kwathu. Neti ya udzudzu ija panalibe. Mulu wa manda unali patsogolo panga, utayamba kutitimira mbali imodzi chifukwa cha mvula. Panali nkhata za maluwa apulasitiki zitasuluka ndi dzuwa, ndi masamba ouma a msuku atagwera pamwamba. Kutali mitengo inkasungunuka ngati nkhungu, koma pafupi chilichonse chinali chakuthwa, mpaka timiyala.

Ndinaponda kutsogolo, ndipo manda anakhala pomwepo. Ndinayandikira, iwo anakula. Ndinapendekera kumbali n'kuona kuseri kwa mtanda, kumene wowotcherera anasiya chipsera cha chitsulo. Nditakweza manja ndinawaona, otuwa ngati utsi, zala zikupindika pamene ndazipinda. Ndinachita mantha, ndinachitanso chidwi choti sindinachimvepo chibadwire. M'makutu ndinkamva malole akulira pamsewu wathu, kumapazi ndinkamva dothi limene ndasesa ndekha, koma maso anga ankalumbira kuti ndili ku Katete. Ndinadzifunsa kuti anthu amene anapanga chinthu ichi anayamba bwanji kuchiganiza, ndipo ngati ankadziwa kuti tsiku lina chidzafika pansi pa mango wa mayi wogulitsa tomato. Kenako ndinachivula.

"Njira ili bwino, Amai," ndinatero.

Anatuluka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Pamzere wa phulusa anavula mapatapata n'kuwaika pambali bwinobwino. Mlongo wanga anawaveka chinthucho mosamala, anakonza lamba pamwamba pa duku, n'kuwagwira pachigongono cha dzanja lofooka. Ine ndinaima kumbuyo ndi mnzawo wachisoli uja. Foni ya mlongo wanga inkaonetsa zimene Amai akuona, ndipo ndinali nditaigwira ine.

Amai anaombetsa dzanja lamoyo pantchafu katatu, poti kuomba m'manja sakanatha.

"Odi kuno," anatero. "Ndine mng'ono wanu. Ndachedwa."

Anadikira ngati munthu amene wagogoda pakhomo. Kenako anaponda kamodzi n'kuima, thupi lonse litauma. Pafoni ndinaona mtanda utayandikira pang'ono. Anapondanso, ndipo unayandikiranso. Ndinamva akukoka mpweya.

"Tiyeni, Amai," anatero mlongo wanga chapansipansi, chinyanja cha m'tauni chitamuthawa. "Ndi pompano. Mutu uli uku."

Atafika anamuuza kuti awagwaditse. Zinatenga nthawi, mwendo wakumanzere ukukana, koma anafika pansi. Anaweramira pamtanda mpaka malemba anadzaza foni yonse, ndipo anawerenga dzina la mkulu wawo mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera Baibulo. Kenako anatambasula dzanja kuti achotse masamba ouma aja. Pafoni panaoneka manja awiri otuwa, lamoyo ndi lofooka lomwe, limene anali atalikokera kutsogolo osadziwa. Zala zinalowa m'mulu wa manda popanda chogwira, n'kukagunda dothi la pabwalo pathu.

Ndinaopa kuti apa zinthu zaipanso. Koma Amai anasiya dzanja pomwepo, akupapasa pansi. Anakanda ndi zala, anatapa dothi lodzaza chikhatho, n'kuwongoka. Analiponya patsogolo pawo mwaulemu, monga timachitira tsiku loika, ndipo linagwa ndi kaphokoso kofewa pakati pa bwalo losesa.

Pamenepo kulira kunatuluka. Sindinawamvepo Amai akulira choncho, ngakhale pamaliro a Atate. Kunachokera pansi pa mimba, kwakutali, kotchula mkulu wawo ndi mayina onse a paubwana, kowauza za chipatala, za dzanja, za mabasi amene ankawasiya. Ine ndinakhala pansi pomwe ndinaimapo n'kulira nawo. Mlongo wanga anagwada pambali pawo, misozi ikutsikira m'ndevu, dzanja limodzi litagwira Amai, lina litatchinga chinthu cha mnzake kuti chisagwe.

Kuno kulira kotero kumamveka kutali, ndipo palibe amene amafunsa kaye kuti kwagwanji. Anzanga a pamsewu anasiya tomato wawo pamatebulo n'kubwera akumanga zitenje. Azimayi a nyumba zapafupi anafika wina ndi wina. Amene ankatsogola ankaima kaye modabwa, poona gogo atagwada pabwalo, chinthu choyera chili kumaso, akulirira dothi lopanda kanthu. Mnzawo wa Amai ankawanong'oneza mawu awiri atatu, iwo n'kuvula nsapato, kukhala pansi kunja kwa mzere wa phulusa, miyendo atatambasula. Azibambo anakakhala chapatali pafupi ndi nkhokwe, zipewa zili m'manja. Wina anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ena n'kulandira. Amai sankaona chilichonse cha zimenezi.

Analira mpaka mawu anasasa. Kenako anakhala chete, mutu uli pansi, milomo ikuyenda. Atamaliza anauza mlongo wanga kuti awadzutse, ndipo anabwerera chafutambuyo mpaka iye atawauza kuti afika pamalire. Pamenepo anawavula.

Anaphethira, kuwala kukuwalasa m'maso, nkhope ili ndi mzere wa pamene chinthucho chinakanikiza. Anayang'ana bwalo lodzaza anthu, kuyambira pamango mpaka kunkhokwe. Kenako anatembenukira kwa ine ngati mwini maliro.

"Mwanawe, tenga madzi. Tachoka kumanda, palibe wolowa m'nyumba asanasambe."

Ndinabweretsa beseni ndi kapu. Anasamba m'manja ndi kumaso, kenako mlongo wanga, kenako ine. Atatero analoza chinthu choyera chija. "Nachonso chinali komweko. Bwera nacho."

Mlongo wanga anachifungatira pachifuwa, maso ali tong'o. "Amai, iyi na manzi sivimvelana! Banganimange!"

Anthu anaseka m'kati mwa misozi. Amai anamuyang'ana mpaka iye anagonja n'kuyandikira. Anaviika chala chimodzi m'beseni n'kukhudza lamba wake, kutali ndi magalasi, ndipo anati zakwana.

Tinawakhazika pamphasa, ndipo azimayi anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja ndi kupepesa, monga zikanachitikira miyezi yonse ija kumbuyoko. Womaliza anali mnzawo wachisoli. Anagwada pafupi n'kuwafunsa motsitsa, koma ine ndinamva.

"Mwawapeza?"

Amai anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndawapeza," anatero. "Anali kundidikira."